Malata ndi malipiro sizinatichotse mu umphawi

Mayi, inu amene mwafunsa ngati banja lanu lingalembedwe pa thandizo la osauka pamene amuna anu ali pa ntchito, musakhumudwe ndi amene akukuyankhani kuti banja lokhala ndi munthu wa pantchito silingakhale losauka, chifukwa maganizo amenewo ndi amene anandiliza mu 2023. Namondwe wa Freddy atatsitsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi, chimbudzi chathu ku Chilobwe chinagwa, pampopi pamene tinkagula madzi panauma, ndipo tinayamba kutunga kumtsinje pa nthawi imene kolera inali isanathe. Mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa, wamkulu n'kusiya sukulu kuti azisamala pakhomo ine ndikudikirira matenda kuchipatala. Tsiku limene ndinabwera kudzatenga zovala ndi limene kunafika olemba mayina a thandizo. Mnyamata wina anaima pabwalo, anayang'ana denga la malata, anafunsa ngati bambo a kunyumba amagwira ntchito, ndipo nditayankha kuti ndi alonda, anatseka buku n'kupitirira. Sanalowe kuti aone mphasa zonyowa, sanafunse kuti tinadya liti, ndipo za mwana amene anali gone kuchipatala sanafune n'kuzimva komwe. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikamukumbukira, pakuti anatiyeza ali chiimire ngati munthu wogula mbuzi pamsika.

Chopweteka kwambiri n'chakuti njira yabwino yoyezera ilipo kale. Kuyambira mu 2010, bungwe la United Nations loona za chitukuko la UNDP pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford amayeza umphawi poona thanzi, maphunziro ndi mmene pakhomo palili, ndipo amafufuza zinthu khumi, monga kunyentchera, ana osapita kusukulu, madzi akumwa, chimbudzi, magetsi ndi chimene mumaphikira. Banja likaperewera pa gawo limodzi mwa magawo atatu a muyesowo limawerengedwa losauka, ngakhale wina azilandira pakutha pa mwezi. Ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba inatulutsanso muyeso wotere wa Malawi mu 2021, koma nzeru zimenezo sizinafike pabwalo pathu.

Choncho olemba mayina akabwera kwanu musadikire kuti akufunseni. Alowetseni m'nyumba, muwaonetse kumene mumatunga madzi, ndipo mutchule mwana aliyense amene wasiya sukulu ndi amene akudwaladwala. Koma za ntchito ya amuna anu musayambe ndinu kuzitchula, ndipo ndalama ikapezeka yambani mwakonza chimbudzi chanu nokha, chifukwa mvula ikubwerayi sidzadikira kuti dzina lanu lituluke.