Kabudula wochokera ku Wenela

Mdzukulu wanga, uthenga wako wandipeza. Wandiwerengera pafoni ndi mlongo wako, poti maso angawa tizilembo ting'onoting'ono anatikana kalekale. Wati kusukulu kwanu kuli tsiku la chikhalidwe, ndiye ukufuna kudziwa zimene anyamata tinkavala kale kuno ku Ntcheu kuti ukagule pamsika wa Lizulu. Wafunsanso ngati n'zoona kuti tinkayenda buno bwamuswe. Pamenepo ndaseka mpaka kutsokomola.

Komatu funso lako lalambalala nkhani. Ukadafunsa kuti ankativeka ndani, chifukwa m'nthawi yathu mnyamata sankadzisankhira chovala. Chinkachokera m'manja mwa munthu wamkulu, ndipo chinkabwera pa nthawi yake.

Choyamba chinali mkuzi, kachingwe kamene agogo aakazi ankamanga m'chiuno mwa khanda likatuluka m'chikuta. Kakayamba kuthina ankadziwa kuti mwana akukula, opanda sikelo. Ukafika podziwa manyazi, amalume kapena abambo ankakupatsa thewera. Usaseke, mawuwa lero mwawasiyira makanda, koma ife linali kansalu kodutsitsa pakati pa miyendo, n'kukapisa pachingwe kutsogolo ndi kumbuyo. Agogo anga aamuna lawo linali la nyanda, imene ena amati chiwondo: ankasenda khungwa la mombo, kulinyika m'madzi, n'kulisula pachipika mpaka lifewe. Ine nyanda ndinangoipeza itatsalira kwa nkhalamba. Langa linali kachidutswa ka biriwita kong'ambidwa pansalu yakutha ya amayi.

Kuzizira kwa kuno ukukudziwa. Mu June ndi July tinkatsegula khola la ng'ombe mame ali mbuu, mapazi ali mang'a okhaokha. Chimene chinkatipulumutsa chinali chikopa cha mbuzi, ndipo amene ankachifufuta anali amalume. Ankachikhoma ndi zikhomo padzuwa, kuchipala, n'kumachitikita m'manja madzulo aliwonse akucheza pabwalo. Tsiku limene anandikoleka chikopacho paphewa ndi limenenso ndinasiya kugona m'nyumba mwa amayi n'kulowa m'mphala. Anangoti, “Kuyambira mawa mathole ndi ako.” Fungo lake, utsi wosakanikirana ndi mbuzi, ndikatseka maso ndimalimvabe. Usiku chomwecho chinali chofunda, ndipo tonse a m'mphala miyendo inali mawangamawanga chifukwa chokumbatira moto.

Tsono kabudula! Abambo anga anapita ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, monga ankachitira amuna ambiri a kuno mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndi anthu athu ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Abambowo anabwerako kale ngoziyo isanachitike, ndi bokosi lachitsulo lopaka maluwa. Sanalitsegule tsiku lofika. Linagona kaye, m'mawa mwake amalume ataitanidwa ndi pamene analitsegula, ife ana titakhala pansi chapatali. Atanditchula dzina ndinayenda chogwada, n'kulandira ndi manja awiri kabudula wa kaki. Anali wamkulu woti tilowemo awiri, poti abambo anandisiya ndili wamng'ono ndipo ankangoganizira msinkhu wanga ali kutali. Ndinamumanga ndi luzi. Kenako amalume anandituma kuti ndizungulire nyumba za akuluakulu onse akandione, ndipo pakhomo lililonse ndinkagwada, iwo n'kunditsina tsaya, ena n'kundipatsa mbatata yootcha.

Kabudula ameneyo ndinapita naye kusukulu ya mishoni ku Mlanda, wopanda nsapato. Ndikamuchapa kumtsinje ndinkamuyanika pamwala, ine n'kukhala m'madzi kudikira kuti aume. Atandichepa anapita kwa mng'ono wanga, agogo ako aang'ono aja, ndipo pofika kwa wachitatu zigamba zinali zitachuluka kuposa kaki. Panalibe wochita nazo manyazi. Chigamba chinkaonetsa kuti kwanu kuli munthu wokusamala. Chochititsa manyazi chinali chibowo chosasokedwa.

Buluku lalitali ndinalivala ndevu zitamera, nditalima ndekha munda wa kachewere. Mwana wovala buluku akulu ankamufunsa ngati wayamba kukhoma msonkho. Kenako kunabwera mabelo, mabuluku otambalala kumapazi aja, boma n'kuwaletsa m'zaka za m'ma 1970 pamodzi ndi tsitsi lalitali, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Sindikuti ubwerere ku thewera, ayi. Kaunjika watithandiza, ana sakufanso ndi chisanu ngati ife, ndipo ine ndemwe jekete imene ndavala panoyi ndi ya pakaunjika. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana akuchoka yekha ndi ndalama, kubwera atavala, amalume ake osadziwa, zikomo osapita kwa aliyense. Mwina n'chifukwa chake ena mwa anzako amagula buluku long'ambika kale m'mawondo, n'kulikhwefula mpaka zam'kati kuonekera. Ife tinkalimbana ndi luzi kuti kabudula asagwe, inu lamba muli naye koma mukugwetsa dala. Iwe sindinakuonepo utatero, ndangonena.

Za tsiku lanu lija, ndamva kuti anzako akufuna kukavala nyoni kumutu, zibiya m'chiuno, chishango m'manja, ngati amuna ovina ngoma pa Umhlangano, mwambo wa chaka ndi chaka wa Angoni, ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi Gomani. N'zokongola, koma kwathu zimenezo zinali za amuna. Kamnyamata koweta mathole kakadapezeka ndi nyoni kumutu, mudzi wonse ukadafunsa kuti wakaveka ndani. Ngati ukufuna kuoneka monga mnyamata wakale, chikopa chimodzi paphewa, chibonga chaching'ono m'manja, basi. Kabudula uvale m'kati, aphunzitsi angakubweze.

Ndipo usakagule ku Lizulu. Amalume ako anapha mbuzi pa chiliza cha agogo ako aakazi, chikopa chake chili pamtanda m'khitchini, ndawauza kale kuti ayambe kuchifufuta. Ubwere Loweruka, ukagwade kwa iwo, akukoleke okha. Ukatero udutse kuno ndidzakuone, udutsenso kwa azakhali ako kuseri kwa tchalitchi. Utenge juzi, mphepo ya kumapiri yayamba kale.