Mpando wowerengera nkhani pa kanema umayambira kumatope

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, ndipo akuti amasirira akamaona amayi owerenga nkhani pa CNN ndi pa wailesi za kanema za kuno kwathu. Funso lake ndi ili: "Ndichite chiyani kuti ndidzakhale pa mpando uja? Kodi chofunika ndi nkhope yowala ndi Chingerezi chopinda lilime?"

Achemwali, ndikuuzeni mosapsatira. Ambiri mwa anthu mumawasirira aja anayamba ndi utolankhani wa mapazi, ndipo omwe anaulumpha amaonekera tsiku lomwe makina owaonetsa mawu oti awerenge athima pakati pa nkhani.

Taonani Christiane Amanpour. Analowa ntchito ku CNN mu 1983, kanemayo ili ndi zaka zitatu zokha chiikhazikitsireni Ted Turner ku Atlanta mu 1980. Iyi ndi kanema yomwe inayambitsa zoulutsa nkhani usana ndi usiku. Mayiyu anayamba ngati wothandizira wamba pa desiki ya nkhani zakunja. Dziko linamudziwa pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, kenako ku Bosnia, akulankhula ali pakati pa mabomba. Pulogalamu yotchedwa dzina lake inabwera mu 2009. Werengani nokha zakazo.

Kwathu kuno kanema ndi wa dzulodzulo. Kanema wa boma wa Television Malawi (TVM) anayamba mu 1999, pambuyo pake n'kuphatikizidwa ndi MBC. Lero kuli Times, Zodiak, Mibawa ndi ena, koma mipando yowerengera nkhani ndi yowerengeka, ndipo woukhalira sachokapo msanga.

Ine ndinaiphunzira ntchitoyi ku Kachulu mu 2018, nyanja ya Chilwa itaphwa. Tinapeza mabwato ali gada pa dothi long'aluka, asodzi a matemba atangokhala pansi pa mtengo, manja ali m'khosi. Ndinaima patsogolo pa kamera n'kulankhula mokoma kwabasi, mpaka ndinadzigomera ndekha. Titabwerera, mkonzi anangondifunsa kuti: "Mfumu walankhula nayoyi dzina lake ndani? Nanga matemba akugula bwanji tsopano?" Ndinangoti kukamwa yasa. Komanso mphepo inali itaphimba theka la mawu anga chifukwa ndinaiwala kuveka maikolofoni kachipewa kake. Nkhaniyo sinauluke. Kuyambira tsiku limenelo, dzina la munthu ndimalilemba m'kope iye akuona, n'kumuwerengera kuti avomereze.

Nkhope? Sindinganame, kanema ndi maso, ukhondo umafunika. Koma chomwe akonzi amasowa kwambiri ndi munthu wotha kulemba ziganizo zazifupi zoti agogo a ku Jali amve kamodzi kokha, opanda kufunsa mdzukulu. Chichewa chanu musachinyoze. Owerenga Chingerezi ndi ambirimbiri, koma wotha kumasulira nkhani ya bajeti m'Chichewa chomveka, nthawi yowerenga nkhani itatsala pang'ono, amachita kumusaka.

Za sukulu sizovuta kufotokoza. University of Malawi ili pakhomo panu pomwepa ku Chirunga, ndipo ku Blantyre kuli yunivesite ya MUBAS ndi Malawi Institute of Journalism. Podikira zotsatira za mayeso, kagogodeni ku Chanco Community Radio kapena ku YONECO FM mupemphe kuphunzira ntchito. Wailesi ya mawu okhaokha imasula lilime kuposa galasi la kuchipinda.

Chimodzi chomwe simunafunse: malipiro oyambira ndi ochepa, ndipo mudzakumana ndi envulopu ija atolankhani amaitchula kuti chipondamthengo. Amaipereka akumwetulira, amvekere ndi ya thiransipoti. Mukailandira kwa munthu amene mukulemba nkhani yake, tsiku lodzamufunsa funso lolasa pakamwa padzalemera.

Ndiye Loweruka likubwerali tengani foni, mupite mumsika waukulu wa Zomba. Funsani amayi atatu ogulitsa mbatatesi kapena tomato kuti mtengo wasintha bwanji chiyambire mwezi uno, komanso chifukwa chake. Muyambe mwapempha chilolezo musanawajambule. Nkhaniyo isapitirire mphindi imodzi ndi theka, ndipo mukamalankhula dzuwa likhale kumaso kwanu, osati kumsana. Mukatha munditumizire pa imelo yomwe ija, ndidzakuuzani pofunika kukonza.