Kamfuti ka m'thumba: kotchipa kapena kodula?

Owerenga ena anditumizira imelo. Chilolezo ali nacho, akufuna kamfuti kolowa m'thumba, ndipo akufunsa ngati Ruger LCP yotchipayo ikukwanira, kapena awonjezere ndalama agule Glock 42 kaya SIG P238.

Funso limeneli limandikhudza chifukwa ogulitsa amatamanda kupepuka ngati kulibe choipa chake. LCP yoyamba ya 2008 imalemera magalamu pafupifupi 270 ikakhala yopanda zipolopolo, Kel-Tec P-3AT ya 2003 ndiye yopepuka kuposa pamenepo. Koma chipolopolo cha timfuti tonseti, .380 ACP, chija John Browning anatulutsa mu 1908, sichichepa mphamvu poti mfuti yachepa. Mphamvuyo imathera m'dzanja lanu. Kachala kakang'ono kamalendewera kunsi kwa chogwirira, ndipo mukawombera zipolopolo 50 pamalo ophunzirira, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pamafiira psuu. Munthu amasiya kuyeserera, kamfutiko n'kumangolemetsa thumba.

Za kutsamwa kwa mfuti zimene anthu amadandaula nazo, nthawi zambiri mfuti imanamiziridwa. Dzanja likagwira mofewa, mfuti yonse imabwerera m'mbuyo limodzi ndi slide (chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba), slide-yo osafika kumapeto, ndiye chikhokho cha chipolopolo chimatsakamira potulukira. Kwina ndi magazini yotha sipuling'i, kwina ndi tiulusi ta m'thumba timene tamatirira ku mafuta ochuluka. Pa za kumenya dzanja zija, kulemera pakokha sikuchiza zonse ayi. Walther PPK ya 1931 ndi yachitsulo, koma mpope wake suyenda, slide imangogwidwa ndi sipuling'i, motero imamenyabe dzanja. Oigula amagula dzina.

Glock 42 ya 2014 imalemera magalamu pafupifupi 390, magazini yake imalowa zipolopolo 6, ndipo pa timfuti tonseti ndi imene imawombeka mofatsa. Vuto lake, m'thumba laling'ono imatukuka. P238 ndi yosalala bwino, koma mtengo wake umatha kuwirikiza kawiri wa LCP, komanso imanyamulidwa hamala (kanyundo kakumbuyo kwa mfuti) itakokedwa, safety (kotchingira kuti isawombe) itatsekedwa. Ngati chala chanu chachikulu sichinazolowere kutsitsa safety, ndalama zowonjezerazo mwagulira vuto. Kwa wongoyamba sindingaivomereze n'komwe.

Ndiye mugule iti?

Thumba likalola, Glock 42. Likakana, LCP MAX ya 2021: zipolopolo 10, magalamu pafupifupi 300, zolozera zooneka bwino kusiyana ndi timabampu ta pa LCP yakale. Ndalama zotsala gulirani magazini awiri, holster (chimake cha mfuti) ya m'thumba yophimba trigger (pokoka ndi chala powombera) yonse, ndi zipolopolo zosachepera 200 zoyesera musanayambe kuidalira, kuphatikizapo za mtundu umene muzidzanyamula, poti za mphuno yobowoka zina zimakana kukwera mumpope. M'thumba mwa mfutimo musaikemonso makiyi kapena ndalama zachitsulo.