Kulowa kalabu ya zowombera ndi pisitolo ku Joni: zomwe lamulo likuloleza

Zikomo bambo. Mwati mukugwira ntchito ku Johannesburg ndi chiphaso cha ntchito, ndipo mukufuna kulowa kalabu yowombera chandamale ndi pisitolo, kenako kugula yanuyanu. Kulowa kalabu n'kotheka. Kugula mfuti, pakadali pano ayi.

Lamulo la mfuti la South Africa ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000. Gawo 9 likuti satifiketi yosonyeza kuti munthu ndi woyenera kukhala ndi mfuti imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, wa zaka 21 kapena kuposerapo. Chiphaso cha ntchito sichikwanira, ndipo popanda satifiketi imeneyi laisensi kulibe.

Komabe khomo silinatsekeke. Gawo 22 limalola mwini laisensi wa zaka zosachepera 21 kupatsa mnzake mfuti kuti awombere, bola iye ali pomwepo kuyang'anira, pamalo otetezeka. Choncho pitani ku malo owomberako ovomerezeka, mukayambe ndi mfuti ya kalabu kapena ya mlangizi. Pisitolo yamphepo yosafika mamilimita 5.6 kukamwa kwake sifuna laisensi, ndipo imaphunzitsa bwino kugwira ndi kulunjika.

Pano ndikuchenjezeni kwambiri, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Musalole mnzanu wa m'dzikomo kugula mfuti m'dzina lake kuti izikhala kwanu. Akachoka iye, inu mwasunga mfuti popanda laisensi, mlandu umene ungakutsekereni zaka 15, ndipo nkhani ya chilolezo chanu chokhalitsa ithera pomwepo. Ngakhale chipolopolo chimodzi chotsalira m'thumba pochoka ku kalabu ndi mlandu pachokha. Pisani m'matumba musanatuluke.

Chilolezo chokhalitsa chikadzatuluka, yambani ndi maphunziro kwa mphunzitsi wovomerezeka: phunziro la lamuloli, nambala 117705, ndi la kagwiridwe ka pisitolo, 119649. Mukatero tengani masatifiketi anu kwa wapolisi woona za mfuti, amene amati DFO, pa polisi ya dera lanu, mudzaze fomu ya apolisi ya SAPS 517 yopemphera satifiketi ya gawo 9 ija. Adzatenga zidindo za zala n'kufufuza mbiri yanu. Milandu ya ndewu, nkhanza za m'banja kapena mankhwala ozunguza bongo imagwetsa pempho.

Laisensi ya mfutiyo imapemphedwa ndi fomu ya SAPS 271, ndipo mfuti imakhala kwa wogulitsa mpaka yankho litabwera. Apa pali njira ziwiri. Gawo 15 ndi la wowombera mwa apo ndi apo: pisitolo imodzi yokha, zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse. Gawo 16 ndi la wodzipereka pa masewerawa, ndipo malire awiriwa palibe, koma pamafunika kalata yolumbirira ya wapampando wa bungwe lovomerezeka, monga South African Practical Shooting Association, yotsimikiza kuti ndinu membala. Ine ndikuti yambani lero kusunga mapepala a zigoli ndi malisiti a kalabu, chifukwa kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira mfutiyo ikakhala yopanda umboni, apolisi amakana mosavuta.

Kunyumba pamafunika sefa (bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo mfuti) ya muyezo wovomerezeka wa SABS 953-1, yomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi. Popita ku kalabu pisitolo ikhale m'chikwama kapena m'thumba lake, yophimbika yonse.

Akakukanani, muli ndi masiku 90 ochita apilo ndi fomu ya SAPS 530. Akakupatsani, laisensiyo imatha pakapita zaka 10, ndipo pempho loiwonjezera liyenera kulowa kusanatsale masiku 90 kuti ithe.