Za agulugufe zija achemwali

Achemwali mwaswera bwanji, ndaona funso lanu pagulupu, lakuti pakhomo panu ku Salima ndi simenti yokhayokha, polima palibe, ndiye mudzale chani m'mabeseni kuti agulugufe azibwera ana aziwaona. Zimatheka ndithu, ndangoti ndilankhule chifukwa kulemba kukanatalika.

Gulugufe amatsata timadzi totsekemera ta m'maluwa, ndipo amakonda timaluwa tobwera m'magulu poti atere bwinobwino. Zinnia, marigold, pentas, zonsezi zimapirira kutentha kwa kunyanjaku bola madzi. Mbewu zikavuta kupeza, chanzi ndi mpungabwi zomwe zimamera zokha zija zimawakokanso, kazuleni tating'ono nthawi ya mvula, ndiye muzisiye zichite maluwa, osamangothyola. Lantana amamukonda kwambiri koma ine ndingati ayi, mbalame zimamwaza mbewu zake, amadzaza tchire, komanso masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Koma chachikulu achemwali ndi ichi, maluwa amangowaitana kudzadya basi, kuti akhazikike pamafunika poikira mazira. Dzalani ndimu mu ndowa yaikulu. Gulugufe wamkulu uja wakuda wamadonthomadontho achikasu amaikira pa masamba anthete a mandimu ndi malalanje, timazira tozungulira, limodzilimodzi. Mbozi zake zikadali zazing'ono zimaoneka ngati zitosi za mbalame, zikakula zimasanduka zobiriwira, ndipo mukazikhudza zimatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kumutuku. Chonde musaphe, ndi agulugufe omwewo amenewo! Masamba zidya inde, koma umaphukanso, ngati mtengo uli waung'ono siyanipo ziwiri kapena zitatu zokha. Kenako mbozi ija imadzimangirira pa kanthambi, imakhala duu osadya, pakapita masabata angapo gulugufe amatuluka mapiko ali onyowa, ana anuwo akaona zimenezo sadzaiwala. Ndiye mankhwala opopera aja a tomato asayandikire kumeneko ngakhale pang'ono.

Mabeseni kapena zigubu muboole kunsi madzi azituluka. Dothi la kwanuko ndi lamchenga, silisunga madzi, sakanizani ndi manyowa owolerana bwino. Okutobala ndi Novembala thirirani m'mawa ndi madzulo, ndipo musanjike pa njerwa chifukwa simenti ikatentha imawotcha mizu. Ikani pamodzi pamalo pofika dzuwa la m'mawa koma kuseri kwa khoma, mwera ukamawomba gulugufe amavutika kutera. Mbuzi za aneba muzisamale nazo.

China, ikani mchenga mu mbale yakale, nyowetsani pang'ono, amabwera kudzayamwa mchere wa m'menemo. Koma kungonyowetsa, madzi asadikhe, paja udzudzu kwanuko sufuna kupatsidwa mpata. Mango kapena nthochi yopsa kwambiri mukaika pambali amabweranso, muzichotsa madzulo nyerere zisanachuluke.

Muyambe ndi ndimuyo mvula ikangoyamba. Alamu ndi ana muwapatse moni.