Mita ya mphamvu pa njinga yamagetsi: kodi ikhale pa handulo?

Sabata yatha mmodzi wa owerenga ananditumizira imelo. Njinga yake ili ndi batire la 48V 13Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto womwe batire limasunga). Akuti timizere ta pa sikirini timaonetsa kuti moto ndi wodzaza, koma akangoyamba chitunda tiwiri timazima, ndipo kawiri konse njinga yamuthimira panjira timizere tikadalipo. Ndiye wagula kamita kotchipa ka mawaya anayi, ndipo akufunsa ngati angatalikitse mawayawo kuti kakhale pa handulo azikaona akuyenda.

Achimwene, mita mwagula bwino, koma mawayawo musawatalikitse. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi timizere tomwe takukhumudwitsanito.

Timizere timeneti sitiwerenga moto womwe mwagwiritsa ntchito. Timangoyang'ana mavolti. Batire la 48V limakhala ndi magulu 13 a maselo olumikizidwa motsatizana, ndipo likadzaza limafika 54.6V. Mota ikamakoka mwamphamvu pachitunda mavolti amatsika kwakanthawi, mukafika posalala amakweranso. N'chifukwa chake timizere timazima n'kubwereranso. Batire likakalamba kutsikako kumakula, mpaka controller (kabokosi kolamulira moto wopita ku mota) kapena BMS (kachipangizo koteteza maselo mkati mwa batire) imaona kuti mavolti afika pangozi n'kudula moto, chonsecho mphindi yapitayo sikirini imakulimbitsani mtima.

Mita yanuyo imagwira ntchito mwanjira ina. Mkati mwake muli kachitsulo kotchedwa shunt, ndipo moto wonse wopita ku mota umadutsa pamenepo. Imawerenga ma amp, n'kuchulukitsa ndi mavolti, n'kumaphatikiza mosalekeza ulendo wonse. Choncho malo ake ndi amodzi okha, pakati pa batire ndi controller. Mbali yolembedwa SOURCE ipite ku batire, yolembedwa LOAD ipite ku controller, waya wofiira kwa wofiira mnzake, wakuda kwa wakuda. Mukaitembenuza, mitundu yambiri yotchipayi imaonetsa mavolti koma ma amp amangokhala pa ziro.

Tsono za handulo zija. Popeza moto wonse umadutsa mu mita, kuikweza pa handulo ndiye kuti moto uchoke ku batire, ukwere kutsogolo, ubwererenso ku controller. Mawaya ndi awiri, kupita ndi kubwera, ndiye pafupifupi mamita 4 a waya wowonjezera. Waya wakopa wa 12 AWG, womwe ndi wonenepa ndithu, umakana moto ndi 5.2 milliohm pa mita imodzi ya kutalika kwake. Pa ma amp 20 mutaya pafupifupi 0.4V ndi mawati 8 ongotenthetsa waya, ndipo vuto lanu ndi lomwelo la mavolti otsika pachitunda. Mungoliwonjezera. Koma chondiopsa kwambiri ine ndi china. Handulo imakhota tsiku lonse, waya amapindika ndi kukhuzika pa fulemu, ndipo tsiku lina chikopa chake chidzang'ambika. Batire la lithium likagunditsa mawaya limatulutsa moto wosungunula kopa, ndipo pamenepo ndi pafupi ndi mawondo anu.

Musanalumikize chilichonse, werengani malire olembedwa pa mitayo. Zambiri zamtunduwu zinapangidwira tindege ndi timagalimoto toyendera rimoti, ndipo zimalekezera pa 60V. Batire lanu pa 54.6V lili bwino. La 52V limadzaza pa 58.8V, lili m'mphepete penipeni. La 72V limafika 84V ndipo lingaiwotche pomwepo.

Pogwira ntchitoyo chotsani batire panjinga. Ngati ndi lija loseleleka pa fulemu, dulani mawaya otuluka pansi pa chogwirira chake batire lili patali. Ngati mukukakamizika kugwira mawaya a batire lenilenilo, dulani mmodzi, muwotchere pulagi, mumukute bwinobwino, kenako ndiye mugwire winayo. Musadule onse awiri ndi pulayala kamodzi, chifukwa pulayalayo ndiyo iwagunditsa. Ikani mapulagi mbali zonse ziwiri kuti mita ikafa panjira muzingoichotsa n'kulumikiza batire mwachindunji. Pulagi ya mtundu wa XT60 ikukwanira pa ma amp anuwo. Mukamamva kuti "thwa" ndi kuona kamoto polumikiza, ndi ma capacitor (tizipangizo tosunga moto kwakanthawi) a mu controller akudzaza mwadzidzidzi. Kamotoko kamadya mapini pang'onopang'ono, ndipo pulagi ya XT90-S inapangidwira kuthetsa zimenezi. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mita ibwere pambuyo pake.

Timita timeneti sitigwirizana ndi madzi. Yanga yoyamba ndinangoimangirira pa fulemu, mvula imodzi yokha sikirini inachita nthunzi mkati, manambala n'kuyamba kusowa zidutswa. Yachiwiri ndinaiika m'kachikwama ka pansi pa chishalo, mapulagi atayang'ana pansi, ndipo ilipobe. Dziwaninso kuti imadya moto pang'ono nthawi zonse, ndiye njinga ikakhala masabata osayenda izuleni. Ndipo zambiri zimaiwala zonse moto ukangoduka, choncho lembani manambala musanazimitse batire.

Mwina mukuti, nanga mita yosaiona poyenda ndi yantchito yanji? Mawati othamanga pa sikirini amasangalatsa masiku awiri oyamba, kenako amangokuchotsani maso pamsewu. Nambala yomwe ikuthandizeni ndi ya Wh, mphamvu yonse yomwe mwagwiritsa ntchito, ndipo imeneyo mumaiwerenga mutaima. Pa pepala batire lanu lili ndi 624Wh, kutanthauza 48 kuchulukitsa ndi 13. Tinene kuti mwayenda makilomita 20, mita n'kuonetsa 240Wh. Ndiye kuti kilomita iliyonse ikudya 12Wh. Mukasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu osalikhudza, mwatsala ndi 500Wh, omwe ndi makilomita 40 ndi pang'ono. Bwerezani njira yomweyo matayala atapopedwa bwino, kenako mukupalasa nawo ponyamuka, kenako mutachepetsa liwiro. Mphepo ndiyo imadya kwambiri, chifukwa kukankha kwake kumakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Ine chomwe chinandidabwitsa ndi buleki yakumbuyo. Inkakhuza pang'ono moti sindinkamva, koma manambala a njira yanga yamasiku onse atakwera popanda chifukwa ndinatukula tayala n'kulizungulitsa, linangoyenda kawiri n'kuima.

Pa vuto lanu lothimira panjira, chitani izi kamodzi. Tchajani mpaka kudzaza, yendani mozungulira pafupi ndi kunyumba mpaka njinga idule yokha, koma muziima nthawi ndi nthawi n'kulemba ma Ah, popeza BMS ikadula moto mita ingaiwale zonse. Akayandikira 13, batire lili bwino, timizere ndi tomwe timakusocheretsani. Akathera pa 8 kapena 9, maselo atopa kapena gulu limodzi latsalira m'mbuyo. Onaninso nambala ya Vm, yomwe ndi mavolti otsikitsitsa a ulendowo. Batire likakhala pa 53V mutaima n'kugwa mpaka 45V pa ma amp 20, kugwa kumeneko n'kwakukulu, ndipo musanaweruze maselo gwirani mapulagi ndi dzanja mumve ngati pali yotentha.

Ngati mtima ukadali pa handulo, gulani mita yomwe shunt yake ndi yapadera. Shunt imakhala pafupi ndi batire, ndipo kutsogolo kumangokwera kawaya kopyapyala ka chizindikiro. Cycle Analyst ya kampani ya Grin Technologies ya ku Vancouver ndi yotere. Imawerenganso liwiro, imakuwerengerani yokha Wh pa kilomita, imasunga manambala ikazima, komanso imaona moto wobwerera ku batire ngati mota yanu imatchaja pogwira buleki. Koma yambani ndi yomwe muli nayoyo, ndipo mukayesa ulendo wothetsa batire uja munditumizire ma Ah ndi Vm tiwaone limodzi.