Kwa mnzathu amene akuvutika ndi kusanthula nkhani zazifupi za m'Chingerezi

Mwafunsa kuti mungatani kuti muzitha kusanthula nkhani zazifupi za m'Chingerezi, popeza mukaziwerenga mumazimva bwinobwino, koma mukalemba yankho aphunzitsi amakubwezerani pepala atalembapo kuti mwangobwereza nkhaniyo, simunaisanthule. Mwafunsanso ngati ndi bwino kuyamba mwaloweza matanthauzo a mawu monga plot (tsatanetsatane wa zochitika), theme (mfundo yaikulu ya nkhani), setting (malo ndi nthawi ya nkhani) ndi irony (kusiyana kwa zimene zikunenedwa kapena kuyembekezeredwa ndi zoona zake), komanso ngati timabuku tofotokoza nkhanizi mwachidule tingakuthandizeni. Ndiyankha motambasula ndithu, chifukwa vuto limeneli limagwetsa ophunzira ambiri anzeru zawo, ndipo kawirikawiri gwero lake silikhala kuperewera kwa Chingerezi.

Munthu wobwereza nkhani amayankha funso lakuti kodi chinachitika n'chiyani. Wosanthula amayankha funso lina: n'chifukwa chiyani mlembi anafotokoza chinthuchi motere pamene akanatha kuchifotokoza mwina, ndipo kafotokozedwe kameneka kakumuchititsa wowerenga kuganiza kapena kumva chiyani? Aphunzitsi anu nkhaniyo akuidziwa kale, kotero chimene akufuna kwa inu ndicho kuwaonetsa zimene mlembi anasankha ndi zotsatira za kusankha kwakeko. Mu nkhani yaifupi zimenezi zimaoneka msanga kusiyana ndi m'buku lalitali, chifukwa malo ndi ochepa. M'chaka cha 1842, pamene Edgar Allan Poe ankaunika buku la nkhani za Nathaniel Hawthorne, ananena kuti nkhani yaifupi iyenera kuwerengedwa pa nthawi imodzi, ndiponso kuti liwu lililonse m'menemo liyenera kuthandiza kufikitsa wowerenga pa chinthu chimodzi chimene mlembi anachikonzeratu. Si alembi onse amene amatsata maganizo amenewa, koma kwa wophunzira ndi poyambira pabwino kwambiri, chifukwa amakuzoloweretsani kuona kuti palibe chimene chinangogwera m'nkhani mwangozi.

Choncho langizo langa loyamba ndi lakuti nkhani iliyonse muziiwerenga kawiri, ndipo maulendo awiriwo akhale osiyana. Ulendo woyamba werengani osaima, osalemba kanthu, osatsegula ngakhale dikishonale pokhapokha liwu lina likatsekereza nkhani yonse. Mukamaliza, lembani chiganizo chimodzi chonena zimene mwamva mumtima pamapeto, kaya ndi chisoni, kudabwa, mkwiyo kapena kusokonezeka. Ulendo wachiwiri tengani pensulo, ndipo popeza tsopano mathero mukuwadziwa, fufuzani mmene mlembi anakukonzerani njira yofikira pa zimene munamvazo. Kusanthula kwenikweni kumayambira pamenepa.

Tiyeni tione zimenezi pa nkhani ya Kate Chopin yotchedwa "The Story of an Hour", yomwe inasindikizidwa mu 1894 ndipo ndi yaifupi moti imakwana pa masamba awiri kapena atatu. Mayi Mallard akuuzidwa kuti amuna awo afa pa ngozi ya sitima yapamtunda. Akulira, kenako akukadzitsekera m'chipinda, ndipo ali m'menemo akuzindikira pang'onopang'ono kuti akumva ufulu. Pamapeto mwamuna uja akutsegula chitseko ali wamoyo, popeza anali kutali ndi kumene ngoziyo inachitikira, mayiyo n'kugwa n'kumwalira, ndipo madokotala akuti chimene chawapha ndi chimwemwe. Zimene ndalembazi ndiye kubwereza kumene aphunzitsi anu akukana. Tsopano bwererani ku chiganizo choyamba cha nkhaniyo, mudzapeza kuti chikunena za matenda a mtima a mayiyu. Pa ulendo woyamba chimaoneka ngati chikungofotokoza chifukwa chimene achibale akuwauzira uthengawo mosamala, koma pa ulendo wachiwiri mukuona kuti imfa ya kumapeto ija inabzalidwa pachiyambi pomwe, ndiponso kuti vuto la mtima likhoza kumveka pawiri, la m'thupi ndi la m'banja. Onaninso kuti m'chipindamo mayiyu akukhala pa mpando moyang'ana zenera lotsegula, ndipo kunjako akuona nsonga za mitengo yophuka kumene, timipata ta thambo lobiriwira pakati pa mitambo, akumvanso mpheta zikulira. Munthu wolemba za maliro akanatha kusankha mvula kapena mdima, ndiye funso lanu likhale lakuti n'chifukwa chiyani Chopin anasankha moyo watsopano pa ola la imfa. Palinso kanthu kena kamene ambiri amakadumpha: kwa nthawi yaitali mayiyu akutchulidwa ndi dzina la mwamuna wake, ndipo dzina lake lenileni lakuti Louise tikulimva atazindikira kale ufulu uja, pamene m'bale wake Josephine akumuitana pakhomo. Mfundo zitatu zimenezi zokha ndi zokwanira kulemba yankho lamphamvu.

Nkhani yomweyi ikuphunzitsanso kuopsa kobwera ndi maganizo okonzeratu. Ophunzira ambiri amalemba kuti mwamuna wa Louise anali wankhanza, chifukwa akuona kuti palibe chifukwa china chimene mkazi angasangalalire ndi imfa ya mwamuna wake. Koma nkhaniyo ikunena poyera kuti mwamunayo ankamuyang'ana mwachikondi nthawi zonse. Ndiye kuti chimene Chopin akutsutsa si munthu mmodzi woipa, koma mtundu wa banja limene wina amadziona kuti ali ndi ufulu wolamulira chifuniro cha mnzake, ngakhale akuchita zimenezo mokoma mtima. Mukalemba mfundo imene mzere wina m'nkhani ukuitsutsa, woyesa mayeso amadziwa kuti simunawerenge mosamala.

Chinthu chachiwiri chimene ndikufuna muchigwire ndi funso lakuti akufotokoza nkhaniyi ndani. Mfotokozankhani si mlembi, ndipo kusokoneza awiriwa kumataitsa malikisi ambiri. Mu "The Tell-Tale Heart" ya Poe, ya mu 1843, munthu amene akulankhula akuumirira kuyambira pachiyambi kuti si wamisala, kwinaku akufotokoza modzitama mmene anaphera nkhalamba chifukwa cha diso lake, n'kubisa mtembo pansi pa matabwa a m'chipinda. Umboni uliwonse umene akupereka woti mutu wake ukuyenda bwino ukungotitsimikizira kuti sukuyenda, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsa mpata umene ulipo pakati pa zimene iye akunena ndi zimene ife tikuona. Apa n'posavuta, chifukwa wolankhulayo akudzitchula yekha kuti "ine". Povuta ndi pamene nkhani ikufotokozedwa ngati ndi munthu wapambali koma mawuwo atanyamula maganizo a mpangankhani mmodzi. James Joyce anachita zimenezi mu "Eveline", imodzi mwa nkhani 15 za m'buku lake la Dubliners la mu 1914. Mtsikana Eveline wakhala pazenera madzulo, fungo la fumbi la makatani lili m'mphuno, ndipo akusinkhasinkha zothawa ku Dublin kupita ku Buenos Aires ndi Frank, mnyamata wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Zonse zimene tikumva za Frank, kuti ndi wokoma mtima ndiponso kuti ali ndi nyumba imene ikudikira, zikudutsa m'mutu mwa Eveline, ndipo palibe wina wotitsimikizira. Wophunzira wosamala salemba kuti Frank ndi munthu wabwino, amalemba kuti Eveline akufuna kukhulupirira kuti ndi wabwino. Onaninso kuti kwa mbali yaikulu ya nkhaniyo mtsikanayu sakusuntha pamene wakhalapo, moti pamene akugwira zolimba zitsulo zapadoko n'kulephera kukwera sitima, thupi lake likungochita zimene lakhala likuchita kuyambira pa chiganizo choyamba.

Muzifunsanso chimene mlembi wasiya osanena. Mu "Hills Like White Elephants" ya Ernest Hemingway, ya mu 1927, mwamuna ndi mtsikana akudikira sitima pa siteshoni ina m'chigwa cha Ebro ku Spain, akumwa zakumwa n'kumakambirana za opaleshoni imene mwamunayo akuti ndi yosavuta. Nkhaniyo ikunena za kuchotsa pakati, koma mawu amenewo satchulidwa paliponse, ndipo pafupifupi zonse ndi zokambirana zokhazokha popanda wotiuza zimene zili m'mitima yawo. Poisanthula, onani kuti ndani akubwerezabwereza mawu omwewo, ndani akusintha nkhani, ndani akuyang'ana kumbali, ndiponso ndani akupempha mnzake kuti akhale chete. Mwamuna akunena kangapo kuti sakufuna kumukakamiza, koma kuchuluka kwa maulendo amene akunenera zimenezo ndiko kukakamiza kumene.

Pa za mawu amene mwafunsa aja, aphunzireni, koma musayambire pamenepo ndipo musawaloweze paokha. Liwu lililonse lilumikizeni ku nkhani imene mwaiwerenga, kuti mukamva irony muzikumbukira madokotala a Louise Mallard akutchula chimwemwe pamene ife tikudziwa kuti chimene wataya ndi ufulu. Kungolemba kuti mlembi wagwiritsa ntchito irony sikubweretsa malikisi ngati simunafotokoze kuti ndani akudziwa chiyani, ndani sakudziwa, ndipo kusiyanako kukutichititsa kuona chiyani. Chimodzimodzinso theme: liwu limodzi monga chikondi, imfa kapena ufulu ndi mutu chabe, pamene mfundo yaikulu ya nkhani ndi chiganizo chathunthu chonena zimene nkhaniyo ikuonetsa pa mutuwo. Pa ziphiphiritso ndikuchenjezeni, chifukwa ophunzira akangozizindikira amayamba kuziona paliponse. Chinthu ndimachiyesa chiphiphiritso ngati chabwerezedwa, kapena chaikidwa pamene nkhani ikutembenukira, kapena mpangankhani mwiniwake akuchiganizira kwambiri. Kupanda apo, tebulo lisiyeni likhale tebulo.

Mbiri ya nthawi imene nkhani inalembedwa kapena inachitikira ndi yofunika, koma muziigwiritsa ntchito pamene ikutsegula mzere wina wa m'nkhanimo, osati kudzaza ndime yoyamba ndi moyo wa mlembi. "Dead Men's Path" ya Chinua Achebe ndi chitsanzo chabwino. Nkhaniyo ikutchula chaka cha 1949, nthawi ya atsamunda ku Nigeria, pamene Michael Obi, mnyamata wa zaka 26, akuikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu yamishoni. Iye akutseka kanjira kodutsa pasukulu kamene anthu a m'mudzi amati ndi kodzera makolo awo akufa ndi ana obadwa, ndipo akukana malangizo a wansembe wa m'mudzimo. Mayi wina atamwalira pobereka, anthu akugwetsa mipanda ndi kupondereza maluwa a pasukulupo, ndipo woyendera sukulu wachizungu, amene Obi ankafuna kumusangalatsa, ndi amene akulemba lipoti lomudzudzula. Mukadziwa mmene aphunzitsi a nthawi imeneyo ankaphunzitsidwira kunyoza miyambo ya kwawo, mathero amenewa amakhala olemera kwambiri, ndipo chiganizo chimodzi cha mbiri choikidwa pamenepo chimaposa tsamba lathunthu la mbiri yoikidwa pachiyambi.

Timabuku tachidule sindikuletsani, koma muzitiwerenga mutamaliza maulendo anu awiri aja ndiponso mutalemba maganizo anu. Mukayamba ndi timeneti, maso anu amangofuna zimene mwauzidwa, ndipo yankho lanu limafanana ndi la anzanu onse amene anawerenga kabuku komweko. Mukatiwerenga pambuyo, timasanduka mnzanu wotsutsana naye, ndipo pamene simukugwirizana nato mubwerere ku nkhani kuti muone amene ali ndi umboni.

Polemba yankho, ndime iliyonse iyambe ndi mfundo yanu, osati ndi chochitika. Kenako ikani umboni waufupi, ngakhale mawu atatu kapena anayi okha ochokera m'nkhani, ndipo gawo lalikulu la ndimeyo likhale lofotokoza mmene mawu amenewo akugwirira ntchito. Mawu ogwidwa aatali amangodya nthawi, ndipo amabisa liwu lenileni limene munafuna kuti woyesa alione. Zochitika za m'nkhani muzizilemba m'nthawi yatsopano, monga mmene ndachitira pamwambapa, chifukwa ndiwo mwambo wa phunziroli m'Chingerezi. Njira yodziyesera nokha ndi iyi: mukamaliza, werengani ziganizo zoyamba za ndime zanu motsatizana. Ngati zikufotokoza nkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye kuti mwabwerezanso, koma ngati zikumveka ngati munthu amene akuteteza maganizo ake sitepe ndi sitepe, ndiye kuti mwasanthula.

Ngati mukufuna poyambira sabata ino, tengani ya Chopin, popeza ndi yaifupi ndipo Chingerezi chake sichovuta kwambiri, kenako ya Achebe, ndiyeno ya Poe. Za Hemingway ndi Joyce zibwere pambuyo, mutazolowera kufunsa za mfotokozankhani ndi za zinthu zosanenedwa. Pa nkhani iliyonse lembani ndime imodzi yokha yosanthula chiganizo choyamba pochiyerekeza ndi chomaliza, ndipo ndimeyo mukawaonetse aphunzitsi anu musanalembe yankho lonse, kuti akuuzeni ngati mfundo yanu ili ndi umboni wokwanira.